MPHWANGA WA KU MULANJE AKUFUNA KUDYERA DARTS: TIYENI TIONE KAYE MBIRI YAKE

 Ya lero ndi yaitali. Ngati mukusoka ukonde kapena mukutembenuza usipa pa thandala, malizani kaye kenako muwerenge mwachifatse.

Nkhaniyi yabwera chonchi. Pali mphwanga wina wa ku Mulanje, cha ku Chitakale, wa zaka 19. Masana amathandiza achimwene ake kugulitsa usipa womwewu umene umachoka kuno kwathu. Madzulo amaponya darts pa bala ina. Akuti m'deramo palibe amene akumugonjetsa, ngakhale akuluakulu amene anayamba kuponya iye asanabadwe. Ndiye wakhala akuonera pa foni mnyamata wa ku England uja, Luke Littler, mutu wayamba kumuzungulira. Ananditumizira voice note kuti: "Achimwene, ndisiye geniyi ndilimbikire darts? Munthu angadyere zimenezi?"

Nditaiponya m'gulupu, ena munaseka, akuti amenewo ndi masewero a zidakwa. Ena munati musiyeni ayese, mwayi ndi mwayi. Ine ndikuona ngati mayankho onse awiri ndi achidule kwambiri, pomwe apa tikukamba za mpamba wa banja ndi tsogolo la mwana. Ndiye ndati tiyeni tione mbiri ya masewerowa, tione kuti amene anachoka pa bolodi la m'bala n'kukafika pamwamba anadzera pati, ndipo amene anagwa anagwera pati.

*MASEWERO A ANTHU WAMBA*

Poyamba, kwa amene simunaponyepo. Bolodi limakhomedwa pakhoma, pakati pake pakhale mamita 1.73 kuchokera pansi. Woponya amaima mamita 2.37 kuchokera pa bolodilo. Aliyense amayamba ndi 501, amaponya mivi itatu ulendo uliwonse, n'kumachotsera zimene wapeza mpaka afike pa ziro. Kamzere kakunja kamachulukitsa nambala kawiri, ndiye double. Kamzere kamkati kamachulukitsa katatu, ndiye treble. Treble 20 ndi 60, mivi yonse itatu ikalowa pamenepo ndi 180, ija imakuwitsa anthu pa TV. Koma sungamalize chisawawa, muvi womaliza uyenera kulowa mu double kapena pakati penipeni, pa bull, pamene ndi 50.

Yang'anitsitsani mmene manambala anawayalira. Pambali pa 20 anaikapo 1 ndi 5. Pambali pa 19 pali 3 ndi 7. Ukalakalaka yaikulu n'kuphonya pang'ono chabe, umakolola kanthu kochepetsetsa. Ambiri amati anakonza zimenezi ndi kalipentala wina wa ku Lancashire, Brian Gamlin, mu 1896, ngakhale olemba mbiri ena amatsutsa. Kaya anali ndani, munthuyo ankafuna kuti mwayi uchepe, luso lioneke.

Masewerowa anakulira m'mabala a ku England, pakati pa anthu a m'mafakitale, a m'migodi ndi a pa doko. Gofu ndi tenesi zinali za mabwana, darts inali ya munthu wotuluka ku ntchito ali ndi mwaye kumaso. Mabolodi akale anali a mtengo wotchedwa elm, ndipo mwini bala ankawaviika m'madzi usiku kuti asang'aluke. Ife a kunyanja timadziwa zimene zimachitikira bwato likakhalitsa pamtunda dzuwa likuswa mtengo. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Nodor inayamba kupanga mabolodi a ulusi wa khonje wothinanitsidwa kwambiri, moti muvi ukazulidwa bowo limadzitseka lokha. Mabolodi a masiku ano ndi omwewo. Ndipo tamverani iyi: mabolodi a Winmau, amene akugwiritsidwa ntchito pa mpikisano waukulu wa dziko lonse kuyambira mu 2022, amapangidwa ku Kenya ndi khonje wa kum'mawa kwa Africa. Ulusi wa kuno unakwera siteji ya ku London kalekale, munthu wa kuno ndi amene wachedwa.

Mu 1927 nyuzipepala ya News of the World inayambitsa mpikisano mu mzinda wa London. Munthu ankayambira pa bala ya kwawo, akapambana apite ku dera, kenako ku chigawo, mpaka ku fainolo. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 olembetsa anapitirira 280,000. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa ibweranso: chinakulitsa darts si dolo mmodzi, koma makwerero amene munthu wa pa bala yaing'ono akanatha kukwera sitepe ndi sitepe.

*NANGA KU MULANJE ZINAFIKA BWANJI?*

Zinabwera ndi Angerezi omwe aja anabwera ndi tiyi. Mu 1891 mzungu wina, Henry Brown, anadzala tiyi ku Thornwood pogwiritsa ntchito mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre. Kuchokera apo maesiteti anafalikira m'munsi mwa phiri, monga Lauderdale, Ruo ndi Lujeri. Mabwana a m'maesiteti anali ndi makalabu awo kumene ankakumana kumapeto kwa sabata, ndipo kalabu ya gofu ya ku Mulanje ilipobe mpaka lero. Masewero a Angerezi, gofu, tenesi, snooker ndi darts, anayamba kuoneka m'malo ngati amenewo. Nthawi ya atsamunda agogo athu ankalowamo ngati operekera zakumwa ndi onyamula zikwama za gofu, osati ngati osewera. Taonani mmene zinatembenukira. Kwawo anali masewero a amphawi, kuno anafika atavala taye.

Ufulu utabwera mu 1964 zitseko zinayamba kutseguka. Bolodi linalowa m'makalabu a makampani, a apolisi ndi a asilikali, kenako m'mabala wamba. Lero tili ndi bungwe la Darts Association of Malawi, ndipo maligi amaseweredwa, makamaka m'mizinda. Koma ambiri mwa oponya athu ndi anthu a pa ntchito zina, amene amasewera akaweruka. Mphwanga wa ku Chitakale akufunsa za chinthu chimene njira yake kuno sinalambulidwe. Ndiye tiyeni tione kumene inalambulidwa.

*NDALAMA ZINALOWA LITI?*

Mu 1973 bambo wina, Olly Croft, anakhazikitsa bungwe la British Darts Organisation, mwachidule BDO. Mu 1978 anachititsa mpikisano woyamba wa akatswiri a dziko lonse mu mzinda wa Nottingham. Anapambana ndi Leighton Rees wa ku Wales, atagonjetsa John Lowe, ndipo analandira mapaundi 3,000. TV inaukonda mpikisanowo, makampani a fodya ndi mowa anathiramo ndalama, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu akanatha kunena kuti ntchito yanga ndi kuponya mivi. Mu 1984 John Lowe yemweyo anamaliza 501 ndi mivi 9 yokha pa TV, koyamba m'mbiri, n'kulandira mapaundi 102,000 tsiku limodzi.

M'nyengo imeneyi munatuluka munthu amene ndikufuna mphwanga amudziwe asanadziwe wina aliyense. Dzina lake Jocky Wilson, wa ku Kirkcaldy ku Scotland. Anakula movutika, anagwirapo ntchito yonyamula malasha, ya mu mgodi, ngakhalenso ya mu fakitale yokonza nsomba. Mu 1979 ali paulova anapambana mapaundi 500 pa mpikisano wina, n'kuona kuti apa pali chakudya. Anakhala katswiri wa dziko lonse kawiri, mu 1982 ndi mu 1989. Koma ankamwa kwambiri komanso kusuta, monga ankachitira osewera ambiri nthawi imeneyo, mpaka pa siteji pomwe. Mu 1995 anasiya mwadzidzidzi, thupi litayamba kukana. Mu 1998 khoti linalengeza kuti alibe chobwezera ngongole. Anabwerera ku Kirkcaldy komwe kuja, m'kanyumba ka khonsolo, osafuna kuonana ndi anthu, mpaka anamwalira mu 2012. Munthu amene dziko lonse linkamuombera m'manja.

Ife a kunyanja nkhani yotere si yachilendo. Tawaonapo anthu akupha utaka wodzaza boti, mlungu umodzi ndalama yonse yathera pa bala, mwera ukabwera akukongola ufa. Vuto la darts ndi lakuti bwalo lake lenilenilo ndi bala. Wampira amapita ku bala akatha masewero, wa darts amagwirira ntchito momwemo.

Mbiri ya mowayi inawononganso masewero onse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ma TV anayamba kuthawa, othandiza ndi ndalama nawonso anathawa. BDO inaletsa mowa pa siteji mu 1989, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mipikisano ya pa TV inatsala yowerengeka, osewera anayamba kusowa podyera. Ndiye osewera 16 apamwamba anagalukira BDO n'kupanga bungwe lawo, ndipo mu 1993 kunali kugawikana kwenikweni, mpaka nkhani inakafika ku khoti. Bungwe latsopanolo ndi limene kuyambira mu 1997 limatchedwa Professional Darts Corporation, PDC. Linagwirizana ndi Sky Sports, kenako linadzatsogoleredwa ndi katakwe wa bizinesi ya masewero, Barry Hearn. BDO inafooka pang'onopang'ono mpaka inatha mu 2020. Lero mpikisano waukulu ndi wa PDC, umachitikira ku Alexandra Palace ku London kuyambira mu Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Wopambana wa mu Januwale 2026 analandira mapaundi 1 miliyoni, ndalama yoposa mabiliyoni awiri a kwacha. Kuchoka pa 3,000 ya Leighton Rees kufika apa zinatenga zaka 48.

*AWIRI AMENE ANACHOKA PA NTCHITO ZA MANJA*

Woyamba ndi Phil Taylor wa ku Stoke-on-Trent. Anasiya sukulu ali ndi zaka 16, ankagwira ntchito mu fakitale ya zinthu zoumba, kupanga tizipangizo ta m'chimbudzi. Ankaponya pa bala ya Eric Bristow, amene panthawiyo anali mfumu ya darts. Bristow ataona dzanja la mnyamatayo anamukongoza mapaundi 10,000 kuti aziyendera mipikisano. Sinali mphatso ayi, inali ngongole yobweza. Mu 1990 awiriwa anakumana mu fainolo ya dziko lonse, ndipo Taylor anaswa bwana wake yemweyo 6-1. Anadzatenga chikho cha dziko lonse ka 16, palibe wina wafikapo.

Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda mbali ya wophunzira kugonjetsa mphunzitsi. Ine mbali imene imandigwira ndi ya ngongoleyo. Siginala angakhale ndi diso lakuthwa chotani, popanda mwini chilimira womupatsa boti, injini ndi mafuta, usipa adzangouonera pa gombe. Taylor anali ndi dzanja kale, koma popanda thiransipoti ndi malo ogona akanathera pa bala ya kwawo, anthu n'kumati kunali dolo kuno.

Wachiwiri ndi Rob Cross, wokonza za magetsi. Mu 2016 analowa mpikisano wa UK Open kudzera pa khomo la osewera wamba, n'kufika patali ndithu asanagonje kwa Michael van Gerwen. Chaka chomwecho anasewera Challenge Tour, ligi yachiwiri ya PDC, anathera pamwamba, ndipo anapatsidwa khadi losewerera ndi akuluakulu. Pa 1 Januwale 2018 anagonjetsa Phil Taylor 7-2 mu fainolo ya dziko lonse, masewero omaliza a Taylor asanapume panthawiyo, n'kulandira mapaundi 400,000. Onani ndondomeko yake. Anayamba wadziyesa pa mpikisano wa anthu wamba, kenako pa ligi yachiwiri chaka chathunthu, ndipo zotsatira ndi zimene zinamuuza kuti tsopano nthawi yakwana.

Khadi limeneli amalitcha Tour Card, ndipo alipo 128 okha pa dziko lonse. Njira yodziwika yolipezera ndi Q-School, mpikisano umene unayamba mu 2011 ndipo umachitika mu Januwale ku England ndi ku Germany. Amalembetsa anthu mazanamazana, aliyense atalipira yolowera, koma makadi amakhala ochepa. Ukalipeza ndi la zaka ziwiri. Zikatha usanalowe m'gulu la 64 apamwamba, amakulanda, ukayambirenso. Ulendo, hotela ndi chakudya umadzilipirira wekha, ndipo kwa zaka zambiri wogonja masewero oyamba pa mipikisano ya mkati mwa sabata wakhala akubwerera chimanjamanja. Tikamaona ochepa aja akuvina pa TV, tisaiwale gulu lalikulu limene limabwerera ku ntchito zawo mwakachetechete, ngongole ili pamutu.

*NANGA LITTLER AMENE WAKUSOKONEZA MUTUYO?*

Luke Littler anabadwa pa 21 Januwale 2007, anakulira ku Warrington. Anayamba kuponya ali ndi miyezi 18, pa kabolodi ka ana ka maginito. 180 yake yoyamba anaponya ali ndi zaka 6. Cha m'ma zaka 10 analowa St Helens Darts Academy, sukulu ya darts ya ana, kokhala ndi aphunzitsi ndi mipikisano sabata ndi sabata. Anapambana chikho cha ana cha dziko lonse mu 2022 ndi mu 2023, ndipo mu Novembala 2023 anatenga cha achinyamata cha PDC. Ndiye pamene dziko linadzidzimuka mu Januwale 2024 kuona mwana wa zaka 16 mu fainolo, kumene anagonja 7-4 kwa Luke Humphries, mwanayo anali ataponya kale zaka zoposa 14. Mu Januwale 2025 anagonjetsa Van Gerwen 7-3 n'kukhala katswiri wamng'ono kwambiri m'mbiri, ali ndi zaka 17. Mu Januwale 2026 anabwerezanso, kuswa Gian van Veen 7-1, ndipo miliyoni ija inapita kwa iye.

Mphwanga, Littler ndi shasha, palibe wokana. Koma kumbuyo kwake kunali makolo omuyendetsa pa galimoto, sukulu ya darts pafupi ndi kwawo, ndi makwerero athunthu kuyambira a ana mpaka a akuluakulu. Ukadziyerekeza ndi iye udzangodzipweteka mtima. Pali ena awiri amene nkhani yawo ili pafupi ndi yako.

*A KUNO KU AFRICA*

Devon Petersen anabadwa mu 1986 ku Mitchells Plain, dera la anthu ovutika ku Cape Town. Anapambana mpikisano wa ku South Africa umene unamupatsa malo ku Alexandra Palace, ndipo mu 2011 anapeza Tour Card pa Q-School yoyamba ija. Kuti adyere darts anachita kusamuka, kukakhala ku Bradford ku England, kutali ndi abale. Zinamutengera zaka pafupifupi 10 kuti apambane chikho chachikulu. Mu Seputembala 2020 anatenga German Darts Championship ku Hildesheim atagonjetsa Jonny Clayton, kukhala munthu woyamba wa ku Africa kupambana mpikisano wotere wa PDC. Patapita zaka zochepa dzanja linatsika, khadi linamuchoka. Koma ndi mmodzi mwa amene akutsogolera African Darts Group, imene ikukonza mipikisano kuno ku Africa, kuphatikizapo wosankha woimira Africa ku mpikisano wa dziko lonse. Makwerero aja ayamba kukhomedwa kuno.

Amene anakwera pa makwerero amenewo posachedwa ndi David Munyua wa ku Kenya. Kwawo ndi ku Murang'a, dera la mapiri kumene amalima tiyi ndi khofi. Mulanje, Murang'a, ngakhale maina akuchita ngati pachibale. Ntchito yake ndi dokotala wa ziweto. Darts anaiyamba ali wamkulu kale, zaka zochepa chabe zapitazo. Mu 2025 anapambana mpikisano wosankha woimira Africa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 30, anatuluka mu Africa koyamba m'moyo wake kupita ku London. Anamuika ndi Mike De Decker wa ku Belgium, amene anapambana World Grand Prix mu 2024. Munyua anagonja maseti awiri oyamba, aliyense n'kumati basi watha. Anabweza atatu otsatizana, kupambana 3-2, holo yonse inaimirira. Ngakhale pulezidenti wa dziko lawo, William Ruto, anamuyamikira. Mu ndime yachiwiri anagonja kwa Kevin Doets wa ku Netherlands, koma anabwerera kwawo ndi mapaundi 25,000, kuposa K50 miliyoni.

Tsopano taonani bwino. Munyua anakwera ndege ija akadali dokotala wa ng'ombe. Sanatseke ntchito kuti ayese mwayi.  Ndipo sanafike ku London chifukwa chogonjetsa anzake a pa bala imodzi, anafika chifukwa ku Kenya kunali maligi ndi mipikisano yolembedwa, imene inamukumanitsa ndi oponya a mayiko ena.

*YANKHO LANGA KWA MPHWANGA*

Geni usasiye. Koma darts usaisiyenso. Chita izi.

Choyamba, dziyeze. Ubwino wa masewerowa ndi wakuti mamita 2.37 a ku Chitakale ndi omwewo a ku London. Mu mpira umadikira munthu wa timu yaikulu kuti akuone, ndipo akhoza kukondera. Bolodi silikondera, silidziwa kuti ndiwe mwana wa ndani. Tenga tepi, yeza kutalika ndi mtunda molondola, chifukwa mabala ambiri amangokhoma mwa diso. Gula kope. Sewera 501 wekha ka 20, uzilemba mivi imene watha pomaliza ulendo uliwonse. Masamu ake ndi awa: ukamamaliza ndi mivi 30, average yako ya mivi itatu ndi 50. Ndi mivi 21, ndi pafupifupi 72. Ndi mivi 18, ndi 83. Ndi mivi 15, ndi 100, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala a Littler. Tsiku limene Munyua anagonjetsa De Decker, average yake inali cha m'ma 80. Ngati kope lako likuti 45, ndiwe dolo wa pa bala yanu, zili bwino, koma ulendo ukadalipo wautali. Ngati likuti 70 ndipo mwezi ndi mwezi ikukwera, bwera tikambirane zenizeni. Uzilemba zonse, osati masiku abwino okha.

Chachiwiri, tuluka pa bala yanu. Chambo cha m'damu chimadziona chachikulu chisanaone nyanja. Blantyre sili kutali ndi Mulanje, ndi ulendo wa minibasi wopita n'kubwerako tsiku lomwelo. Funsa za matimu a mu ligi, lembetsa, ukagonje kwa anthu okuposa. Kugonja kumeneko ndiye sukulu yake. Dzina lako lilowe m'mabuku a bungwe, chifukwa palibe amene amasankhidwa kuimira dziko kuchokera pa nkhani za m'bala.

Chachitatu, bolodi ligone kunyumba. Sunga pang'onopang'ono ugule la khonje, ngakhale logwiritsidwapo kale, ulikhome pakhonde kapena pa mtengo wa mango. Uziponya ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse mutu uli bwinobwino, makamaka ma double, pakuti ambiri amadziwa kutsitsa nambala koma pomaliza dzanja limanjenjemera. Ndipo za kubetcha ndi za "wogonja agule raundi" uzipewe. Kumbukira Jocky Wilson.

Chachinayi, mpamba wa achimwene ako si wa darts. Taylor anapatsidwa ngongole ndi munthu amene ankadziwa masewerowo ndipo anaona manambala ake. Wokuthandiza adzabwera ukadzakhala ndi chomuonetsa: kope, zotsatira za ligi, mavidiyo a pa foni osadula. Ndalama ya usipa ikalowa mu thiransipoti ya mipikisano popanda kugwirizana, mudzadana pachibale, ndipo chikho sichidzakonza zimenezo.

Chomaliza ndi cha ife tonse, osati mphwanga yekha. Anthu a ku Mulanje ali nacho kale chitsanzo pakhomo. Mpikisano wa Porters Race unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera m'phiri. Anyamatawo ankathamanga m'phirimo kuyambira kale, koma palibe ankawawerengera. Atangoika tsiku, njira yoyambira pa Likhubula, malamulo ndi wotchi, luso lija linaoneka, ndipo lero kumabwera othamanga ochokera kutali. Darts ikufuna zomwezo. Mabala anayi kapena asanu a pa Chitakale, pa boma ndi ku Limbuli atagwirizana tsiku limodzi pa sabata, munthu mmodzi wolemba zotsatira, ndi bolodi lina pa malo opanda mowa kuti ana a sukulu ndi atsikana aziponya nawo, imeneyo ndi ligi kale. Kunonso kunyanja, nyengo yotseka chilimira kapena masiku a mwera anyamata amangokhala pa bawo ndi pa kachasu. Bolodi limodzi ndi kope limodzi sizingatilepheretse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri yonse taonayi ikuti palibe woponya anakwera yekha.

Ndiye mphwanga, funso lako linali lakuti munthu angadyere darts? Angadyere, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo kwa Mmalawi msewu wake ukadali wafumbi. Zimene ungathe chaka chino ndi kudziwa nambala yako, kulowa mu ligi, ndi kusunga geni yako ili moyo. Pakatha miyezi itatu unditumizire chithunzi cha kope lija, ndidzachiponya m'gulupu muno kuti amene anaseka aja adzaonenso.

Amene muli ndi m'bale woponya mivi, kaya ku Mulanje, ku Dwangwa, ku Nchalo kapena ku Joni, mutumizireni. Amene mukudziwa za ligi ya ku Blantyre, tiuzeni masiku ake kuti timulumikize mwanayu.